Phungu wa Dziko la Fodya Ankayankhulira Yani?

Kumpoto kwa boma la Kasungu, m'dera la Mfumu Kaluluma, cha ku Nkhamenya ndi Chatoloma mpaka kukagunda malire a Mzimba, chaka chimawerengedwa ndi fodya. Seputembala ndi wa nazale ndi kuthirira, mvula ikagwa n'kuwokera, Januwale ndi Febuluwale n'kuthyola ndi kusoka, ndipo Epulo akafika maso onse amakhala pa mabelo ndi pa msika wa Chinkhoma. Kumene mbewu imodzi imalamula chakudya, fizi ya ana ndi malata a nyumba, ndale nazonso zimatsata mbewuyo. Kasungu sadasowepo anthu amphamvu m'boma: adabala mtsogoleri woyamba wa dziko lino, adabala nduna, ndipo wakhala akutumiza aphungu ku Zomba kenako ku Lilongwe. Komabe anthu amene amagwira tsamba ndi manja awo, makamaka matenanti, adatha zaka pafupifupi 60 opanda wowayankhulira weniweni m'Nyumba ya Malamulo. Sikuti aphungu onse adali ouma mtima. Mpando wa uphungu m'dziko la fodya udakonzedwa mwanjira yoti woukhalayo akhale mwini munda, bwana wolemba anthu ntchito, ndipo amene adaukonza choncho ndi wandale wamkulu koposa onse amene Kasungu adatulutsa, Dr Hastings Kamuzu Banda.

Kuti zimenezi zioneke bwino, tiyambe tayang'ana dziko la malasha. Ku South Wales, ku Britain, mudzi wa Tredegar unkadalira migodi monga Kaluluma amadalira zigafa. Kumeneko kudabadwa Aneurin Bevan mu 1897, mwana wa wokumba malasha, ndipo iye mwini adalowa mumgodi ali ndi zaka 13. Adakulira m'bungwe la anthu a m'migodi, adakhala wowayankhulira pa milandu ya malipiro, ndipo mu 1929 anzakewo adamutumiza ku nyumba ya malamulo ngati phungu wa Ebbw Vale. Atakhala nduna ya zaumoyo mu 1945, adakhazikitsa chithandizo cha chipatala chaulere kwa aliyense, chimene chidayamba mu Julayi 1948. Nzeru ya chithandizocho adaidziwira kwawo, kumene antchito ankasonkha kangachepe pa malipiro awo kuti akhale ndi madokotala awoawo. Bevan sadali yekha. Madera a malasha a ku Wales, Durham ndi Scotland adatumiza aphungu ambiri otere, amuna amene chifuwa chawo chidadziwa fumbi la pansi pa nthaka, ndipo ndalama zochitira kampeni zinkachokera ku mabungwe a antchito. Phungu wotero akafika ku London ankadziwa amene adamutuma, ndipo ankadziwa kuti akabwerera chimanjamanja akamufunsa pamaso.

Kamuzu ankazidziwa zonsezi, ndipo adazidziwira pafupi. Atachoka ku Kasungu wapansi ali mnyamata, adagwirako ntchito pa chipatala cha Hartley ku Southern Rhodesia, kenako mu 1917 adapitirira ku South Africa, kumene adayamba wagwira pa mgodi wa malasha pafupi ndi Dundee ku Natal asanapite ku migodi ya golide ya ku Boksburg. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse adali dokotala ku North Shields, m'mbali mwa mtsinje wa Tyne, m'chigawo chimene chinkadya za malasha ndi zombo. Atasamukira ku London adalowa chipani cha Labour, chipani cha Bevan chomwecho, ndipo chithandizo chaulere chija chikuyamba n'kuti iye akuona odwala ku Harlesden. Palibe anganene kuti munthuyu adabwera kuno pa 6 Julayi 1958 asakudziwa zimene antchito angachite akakhala ndi bungwe lawo ndi phungu wawo. Zimene adachita pambuyo pake adazichita akuona, ndipo n'chifukwa chake tiyenera kuziweruza ngati chosankha chake.

Chiyambi chidali cholonjeza. Fodya wa m'chigawo chapakati adayamba kukula m'ma 1920, pamene A. F. Barron ndi R. W. Wallace adatsegula minda ku Lilongwe n'kuyamba kugawira anthu mbewu kuti azilima n'kumawagulitsa iwowo. Mu 1926 boma la atsamunda lidakhazikitsa Native Tobacco Board, bungwe limene linkalamula kuti mlimi wakuda alime kuti, zochuluka bwanji, ndipo agulitse pa msika uti. Alimi ankadana nalo bungweli, monga ankadanirana ndi malamulo a malimidwe ndi thangata wa m'maesiteti a kummwera, ndipo mkwiyo umenewu ndi umene udapatsa mphamvu chipani cha Congress m'midzi. Chipani cha MCP chitapambana chisankho cha Ogasiti 1961, Kamuzu adalowa m'nyumba ya malamulo n'kudzisankhira unduna woona za chilengedwe ndi maboma ang'ono, umene unkayang'anira ulimi ndi malo. Adathetsa kukakamiza anthu pa malimidwe. Mu 1962 thangata adathetsedwa mwalamulo, ndipo chaka chomwecho bungwe logula mbewu lidasinthidwa kukhala Farmers Marketing Board, dzina lonena kuti tsopano msika ndi wa alimi. Mlimi wa kwa Kaluluma adali ndi chifukwa chomveka chokhulupirira kuti mwana wa kwawo wagwira chiwongolero cha ulimi ndipo zinthu zisintha.

Zidasinthadi, koma kulowera kwina. Mu Novembala 1965 Ian Smith adalengeza ufulu wa azungu ku Rhodesia, mayiko adaleka kugula fodya wa kumeneko, ndipo ogula adayamba kufunafuna tsamba kwina. Malawi adapeza mwayi, ndipo funso lidali loti mwayiwo ukhale wa yani. Yankho la boma lidalembedwa m'malamulo. Lamulo la malo la 1965 lidapatsa nduna mphamvu yotenga malo a mafumu n'kuwapereka pa lizi kwa munthu mmodzi. Lamulo la mbewu zapadera, Special Crops Act, lidagwiritsidwa ntchito kuti fodya wa ndalama zambiri, wa bale ndi wa kampopi, azilimidwa ndi okhawo okhala ndi esiteti ndi chiphaso, kupatula alimi owerengeka a m'masikimu monga a Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority. Mlimi wa m'mudzi adatsala ndi chikopa ndi mitundu ina yotsika mtengo, ndipo sankaloledwa kukafika ku okushoni. Wogula wake adali mmodzi, ADMARC, imene idalowa m'malo mwa Farmers Marketing Board mu 1971. ADMARC inkagula motchipa n'kukagulitsa modula, ndipo akatswiri a zachuma Jonathan Kydd ndi Robert Christiansen adaonetsa mu 1982 kuti phindu lochokera kwa alimi ang'onoang'ono ndi limene linkathiridwa m'maesiteti, m'mabanki ndi m'kampani ya Press, imene mwini wake adali Kamuzu. Press Farming ndi General Farming zidatsegula minda ikuluikulu m'Kasungu, zambiri zikuyendetsedwa ndi mamanijala ochokera ku Rhodesia. Mu 1970 m'dziko muno mudali maesiteti 229. Pofika 1989 adapitirira 14,000, ndipo Kasungu adali m'gulu la maboma amene malo ambiri adachoka m'manja mwa mafumu.

Mbali ya nkhaniyi imene ikukhudza uphungu ndi iyi: Kamuzu, amene ankatchedwa Mchikumbe Nambala 1, ankalimbikitsa poyera nduna, aphungu, akuluakulu a chipani, mafumu ndi akuluakulu a m'boma kuti atsegule maesiteti, ndipo mabanki adauzidwa kuti awabwereke ndalama. Lizi, chiphaso cha bale ndi ngongole ya kubanki zidasanduka mphoto ya kukhulupirika. Munthu amene adapita ku Zomba ali mphunzitsi kapena kalaliki ankabwerako ali bwana wa esiteti, wokhala ndi kapitawo, thirakitala ndi matenanti. Kuyambira pamenepo, lamulo lililonse lokweza malipiro a antchito a m'minda, loteteza tenanti, kapena lololeza mlimi wa m'mudzi kulima bale, lidali lamulo lomudula iye mwini m'thumba. Akulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Phungu wa malasha ankamva m'mimba pamodzi ndi omusankha. Phungu wa fodya m'mimba mwake munkapweteka pamene mtengo wa antchito wakwera.

Tiyenera kumuona bwino tenantiyo, chifukwa nkhani yonse yagona pa iye. Kawirikawiri amachokera kutali, ku Mulanje, Phalombe, Thyolo, Machinga kapena Mangochi, kumene malo adachepa kalekale. Lole imakamutenga mvula isanagwe, iye ndi mkazi wake ndi ana, ndipo mtengo wa ulendowo ndi umene umayamba kulembedwa m'buku la bwana. Amapatsidwa ndime, mbewu, feteleza, khasu ndi chimanga cha phoso, zonse pa ngongole. Amadzimangira kanyumba ka udzu ndi chigafa. Nthawi yothyola ikafika banja lonse limalowa m'munda mame asanakamuke, ndipo madzulo amakhala pansi pa chigafa n'kumasoka masamba mpaka mdima, manja atada ndi utomoni womata wa fodya, ana ena akudandaula mutu ndi mseru chifukwa chikonga chimalowa pakhungu tsamba likakhala lonyowa. Ngati mwana wadwala n'kubwereka ndalama ya kuchipatala, kapitawo amalemba. Tsamba likauma, amene amasankha magiredi ndi kuyika mtengo ndi bwana yemweyo, ndipo malipiro amabwera kamodzi, fodya atagulitsidwa ku okushoni. Akachotsa za m'buku, ena amatsala ndi ya njinga ndi wailesi, ena amatsala ndi ya basi yokha, ena amauzidwa kuti ngongole yapitirira ndipo akhalenso chaka china. Chimene chidathetsedwa ku Thyolo mu 1962 chidali kulipira lendi ndi thukuta; chimene chidakula m'Kasungu, Mchinji ndi Mzimba m'ma 1970 chidali ndi dzina lina ndi mapangano ena, koma mphamvu zonse zidali mbali imodzi ngati kale.

Wina atsutsa, ndipo ali ndi mfundo. Adzati dziko losauka lopanda migodi linkafunika ndalama zakunja mwamsanga, ndipo fodya wa maesiteti ndi amene adazibweretsa. Chuma chidakula ndithu m'ma 1970, misewu idamangidwa, likulu lidasamukira ku Lilongwe mu 1975, ndipo Kasungu yemweyo adapeza Kamuzu Academy pa Mtunthama mu 1981. Adzatinso kunali kwanzeru kuti minda ikuluikulu ikhale m'manja mwa Amalawi m'malo mosiyira azungu, ndipo kuti fodya wa kampopi amafuna mabani a njerwa, nkhuni zambiri ndi luso zimene mlimi wa m'mudzi sakadakwanitsa. Zina mwa izi n'zoona, ndipo sitiyenera kuzichepetsa. Koma pa fodya wa bale mfundoyi imagwa. Bale amauma ndi mphepo pansi pa chigafa cha mitengo ndi udzu, ndipo amene ankamulima m'maesiteti adali anthu wamba omwewo, matenanti, ndi makasu. Luso lidali m'manja mwawo kale. Chimene adalibe ndi pepala. Umboni udaoneka chiletso chitayamba kuchotsedwa mu 1990: pasanathe zaka 10 alimi ang'onoang'ono ndiwo ankalima gawo lalikulu la bale wa dziko lino. Umboni wina udaoneka kale m'ma 1980, pamene mabanja ambiri a m'Kasungu adaphatikiza minda yawo n'kuilembetsa ngati esiteti, osati chifukwa chofuna lizi, koma kuti apeze chiphaso cha bale; n'chifukwa chake ambiri mwa maesiteti 14,000 aja adali aang'ono. Komanso maesiteti a akuluakulu aja sadali aluso monga ankanenera. Mitengo itagwa cha m'ma 1979 ndi 1980 ambiri adalephera kubweza ngongole, mabanki adawalanda kapena kuwaikira mamanijala, ndipo Press yeniyeniyo idachita kupulumutsidwa ndi boma mu 1983 ndi 1984.

Chitsutso chachiwiri n'cholemera kuposa choyamba. Kodi n'chilungamo kufunsa phungu wa nthawi ya chipani chimodzi chifukwa chake sadayankhule? Kuyambira 1966 chipani chidali chimodzi, kuyambira 1971 mtsogoleri adali wamuyaya, ndipo maina a aphungu ankadutsa m'manja mwake. Ngakhale mu 1978, pamene anthu adayamba kusankha pakati pa anthu angapo a chipani chomwecho, iye ndiye ankavomereza opikisanawo. Kasungu akudziwa bwino mtengo wa kuyankhula. Aaron Gadama adali mwana wa boma lomweli, nduna ya chigawo chapakati ndi mtsogoleri wa zokambirana m'Nyumba ya Malamulo. Mu 1983 iye ndi anzake adalola kuti kayendetsedwe ka ndalama za boma kafunsidwe m'Nyumbamo, ndipo ankaonedwa ngati anthu amene angadzakhale ndi mawu pa funso la wolowa m'malo mwa Kamuzu. Pa 18 Meyi 1983 Gadama, Dick Matenje, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga adaphedwa ku Thambani, m'boma la Mwanza, ndipo dziko lidauzidwa kuti yachitika ngozi ya galimoto. Kafukufuku wotsogoleredwa ndi Jaji Harry Mtegha, amene adakhazikitsidwa mu 1994, adapeza kuti adaphedwa ndi apolisi, ngakhale khoti lidamasula Kamuzu ndi John Tembo pa mlanduwo mu Disembala 1995. Ngati nduna yaikulu, ya kwawo kwa mtsogoleri, idatha choncho, phungu wamba akadatani? Mantha adalipo, ndipo palibe woyenera kunyoza munthu amene adasankha kukhala moyo. Koma mantha akadakhala chifukwa chokhacho, pakamwa pakadatseguka mantha atatha. Chisankho cha zipani zambiri chidachitika pa 17 Meyi 1994, bilu yoteteza matenanti idalembedwa mu 1995, ndipo boma la UDF, la DPP ndi la PP adabwera n'kupita biluyo isanakhale lamulo. M'zaka zonsezo palibe phungu amene akadatengeredwa ku ndende ya Mikuyu chifukwa choikankha. Chimene chidatsala mantha atachoka ndi chuma cha m'minda, ndipo chidakwanira kuigoneka biluyo.

Pali zifukwa zinanso zimene sizichokera kwa Kamuzu, ndipo chilungamo chikufuna tizitchule. Anthu a mumgodi amatsikira pa dzenje limodzi, amalandira tsiku limodzi, amakhala m'mudzi umodzi mibadwomibadwo, ndipo akanyanyala ntchito mgodi umayima tsiku lomwelo. Matenanti ndi omwazikana m'maesiteti mazanamazana, banja lililonse ndi ndime yake ndi tsamba lake m'buku, ndipo ambiri samaliza zaka zitatu pamalo amodzi. Ndi alendo m'dera la eni, opanda manda kumeneko, opanda mawu pa bwalo la mfumu, ndipo wofuna uphungu amadziwa kuti mavoti okhazikika ali m'midzi. Tenanti akanyanyala mu Febuluwale tsamba limene likuwonongeka ndi limene amayembekeza kudyapo. Koma apanso dzanja la boma likuoneka. Mabungwe a antchito adaikidwa pansi pa chipani m'ma 1960, ndipo amene adalimba mutu, monga Chakufwa Chihana wa ku Rumphi, adalawa ndende. Eni maesiteti adali ndi bungwe lawo, TAMA, kuyambira 1929. Bungwe la matenanti, TOTAWUM, lidachita kudikira ufulu wa m'ma 1990, ndipo lidabadwa losauka. Pamwamba pa izo pali chipata cha Chingerezi: mu 1978 ofuna uphungu ankayesedwa Chingerezi, ndipo mpaka lero malamulo aakulu a dziko amati phungu azitha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kutenga nawo mbali m'zokambirana. Mwana amene adakulira pansi pa chigafa, kusiya sukulu nyengo iliyonse yothyola, chipata chimenechi chimamutsekera kunja asanayambe n'komwe.

Ngakhale kumasulidwa kwa bale mu 1990 sikudayambire m'Nyumba ya Malamulo. Kudabwera ngati chofunika pa ngongole ndi thandizo la World Bank ndi USAID, eni maesiteti akukana. Kudasintha moyo wa kwa Kaluluma kwambiri: makalabu a alimi adapeza njira yopita ku okushoni, nyumba za malata zidachuluka, ndipo pambuyo pake msika udafika pafupi, pa Chinkhoma. Kudasinthanso ndale m'njira imene ambiri saiganizira. Mlimi wa m'mudzi atayamba kulima maekala awiri kapena atatu a bale, nayenso adayamba kufuna manja owonjezera, ndipo ena adayamba kusunga tenanti mmodzi kapena awiri. Tsopano wovota ndi phungu adagwirizana pa chinthu chimodzi: mtengo wa ku okushoni ndi wa feteleza. Pa zimenezi aphungu a Kasungu ayankhuladi, ndipo ayenera kuyamikiridwa, pakuti mlimi amene amagulitsa kwa makampani owerengeka alinso ndi dandaulo lenileni. Bingu wa Mutharika adayika mitengo yoyambira mu 2006, ndipo mu Seputembala 2009 adathamangitsa m'dziko muno akuluakulu anayi a makampani ogula fodya. Alimi ambiri adaombera m'manja. Chaka chomwecho bungwe la Plan lidatulutsa lipoti loti ana osachepera 78,000 ankagwira ntchito m'minda ya fodya, ndipo Kasungu adali limodzi mwa maboma amene kafukufukuyo adachitikira. Dandaulo la mlimi kwa wogula lidafika pa nsanja ya mtsogoleri wa dziko. Dandaulo la tenanti kwa mlimi lidatsala m'malipoti.

Lamulo lidabwera pomaliza, ndipo njira imene lidadzera ikutsimikiza mfundo yathu. Pa 1 Novembala 2019 boma la America lidalamula kuti fodya wa ku Malawi azigwidwa pa madoko ake pokhapokha wobweretsa ataonetsa kuti sadalimidwe mokakamiza anthu kapena ndi ana. Mwezi womwewo Malawi adavomereza pangano la bungwe la ILO lothetsa ntchito yokakamiza. Mu 2021, zaka 26 chilembedwere bilu yoyamba ija, Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo la ntchito n'kuthetsa utenanti. Chimene chidasuntha aphungu ndi kuopa kutaya msika, ndiye kuti thumba la mwini fodya lomwe lija. Lamuloli ndi labwino, ndipo likatsatidwa lisintha moyo wa mabanja ambiri, koma kulitsata kukufuna kuti mlimi akhale ndi ndalama yolipira mwezi ndi mwezi fodya asanagulitsidwe, komanso kuti alangizi a zantchito azifika m'minda ya kutali ndi msewu, ndipo zonsezi zimafuna bajeti imene aphungu omwewo ndiwo amavomereza. Lamulolo lisanabwere n'komwe, matenanti ndi ana awo masauzande angapo adatengera dandaulo lawo kwina. Mu Disembala 2020, kudzera mwa maloya a Leigh Day, adasumira makampani a British American Tobacco ndi Imperial Brands ku khoti lalikulu la ku London, ponena kuti makampaniwa adapindula ndi thukuta lawo. Makampaniwo adakana, ndipo adapempha kuti mlanduwo uthetsedwe usanamvedwe. Mu Juni 2021 khoti lidakana pempholo n'kulola kuti upitirire.